Makina akasintha ku fakitale, kodi inu musintha nawo?

Ana anga, sabata ino sindiyankha kalata ya munthu mmodzi ayi. Ndaona kuti makalata angapo amene mwakhala mukulemba ku tsamba lino amayamba ndi mkangano wa m'banja, koma ukawawerenga mpaka kumapeto umapeza kuti muzu wake uli ku ntchito.

Wina akuti mwamuna wake watha zaka 10 pa makina omwewomwewo, malipiro osasuntha, ndipo masiku ano akungofikira ku bawo ndi ku mowa. Wina akuti mkazi wake anamuuza kuti ntchito yatha kampani itabweretsa makina atsopano opakira katundu, ndiye pakhomo pakungomveka mawu obaya. Palinso kholo limene mwana wake sanapeze malo ku yunivesite, ndipo akungoswera pa Chichiri kudikira anzake.

Kwa nonsenu mawu anga ndi amodzi. Luso limene munthu anaphunzira poonera anzake ku fakitale ndi chuma ndithu, koma likufunika kuwonjezeredwa ndi maphunziro komanso kukhala ndi pepala lolichitira umboni. Njira yochitira zimenezi ilipo konkuno ku Blantyre, ndipo mbali ina ya ndalama zake kampani yanu imalipira kale. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi munthu wofunsa, ndiponso banja lomuimira kumbuyo.

Kuonera kokha sikukwanira

Ambiri amene amagwira ntchito ku Makata, ku Chirimba, pa Ginnery Corner kapena ku Maone ku Limbe analowa ngati aganyu. Anayamba ndi kusesa, kunyamula matumba, kenaka tsiku lina mnzawo atadwala kapitawo anati, "Iwe taima apa, uzidina apa, ukamva phokoso lachilendo uzimitse." Basi, sukulu yake inathera pomwepo. Pakutha pa zaka zingapo munthu uja amawadziwa makinawo ngati mwana wake, amamva ndi khutu lokha kuti lamba wakhwepa.

Vuto lake ndi loti luso lotereli limamatirira pa makina amodzi. Munthu amadziwa batani loti adine, koma sadziwa chifukwa chake. Sangawerenge chojambula cha mmene waya wayendera, sangayeze chitsulo mpaka pa milimita, sangalembe lipoti la chimene chawonongeka. Tsiku limene kampani igule makina oyendera kompyuta, zaka zake zonse zija zimasanduka ngati sanagwirepo.

Akuluakulu a mumzinda uno akukumbukira David Whitehead and Sons, fakitale ya nsalu imene inayamba m'zaka za m'ma 1960 ndipo inalemba anthu zikwizikwi. Zinthu zitavuta, anthu ambiri anachotsedwa ntchito, ndipo mu 2003 boma linaigulitsa kwa a Mapeto. Fakitale ya mowa ya Carlsberg, imene inatsegulidwa mu 1968, inapita m'manja mwa a Castel mu 2016. Eni ake a kampani amasintha, makina amasintha, katundu wopangidwa amasintha. Chimene munthu amatuluka nacho pa geti tsiku lomaliza ndi chimene chili m'mutu mwake, m'manja mwake ndi mu envulopu ya mapepala ake.

Koma pali mbali ina yolimbikitsa. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, ndipo inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama zakunja zikamasowa, kuitanitsa sipeya kapena katswiri kuchokera ku Johannesburg kapena ku India kumadula ndipo kumachedwa. Makina akaima sabata imodzi, kampani imataya ndalama zambiri. Zikatero munthu amene angakonze pampu, kukulunga mota, kapena kusema kachitsulo kolowa m'malo mwa kamene kathyoka amakhala wofunika kwambiri. Mabwana anzeru akudziwa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake ino ndi nthawi yabwino yopempha maphunziro.

Ndalama yake ilipo kale

Mu 1999 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo limene linabala bungwe la TEVETA, loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno. Lamuloli limalamula olemba anthu ntchito kuti azipereka msonkho wa maphunziro, umene umadziwika kuti TEVET levy. Panopa msonkhowu ndi K1 pa K100 iliyonse imene kampani imalipira antchito ake. Tiyerekeze kuti malipiro a antchito onse pa fakitale ina amakwana K50 miliyoni pa mwezi. Ndiye kuti msonkho wake ndi K500,000 pa mwezi umodziwo.

Mumvetse bwino apa. Ndalama imeneyi imachokera m'thumba la kampani, siyenera kudulidwa pa malipiro anu. Ntchito yake ndi kuphunzitsa anthu luso, achinyamata amene ali m'makoleji komanso inu amene muli kale pa ntchito. TEVETA ili ndi ndondomeko imene amaitcha Private Sector Training Programme, yothandiza makampani olipira msonkhowu kuti aphunzitse antchito awo malinga ndi zosowa za pa kampanipo.

Maphunziro otere amasiyana ndi a kusukulu amene tinazolowera. Kusukulu mwana amapeza silabasi itakonzedwa kale. Apa zimayambira ku fakitale. Aphunzitsi a ku koleji amabwera kudzaona ntchito, amacheza ndi akapitawo ndi ogwira ntchito, n'kulemba pamene pakuperewera. Mwina katundu wambiri akubwezedwa chifukwa sakumatidwa bwino. Mwina boilala ikudya mafuta ochuluka. Mwina makina akuimaima chifukwa palibe amene anaphunzira kuwasamalira asanawonongeke. Kuchokera pamenepo amakonza kosi ya masiku ochepa kapena masabata angapo yokhudza vuto lenilenilo. Ena amaphunzirira pa fakitale pomwepo pa makina awo omwe, ena amapita ku wekishopu ya ku koleji, ndipo nthawi yake amaigwirizanitsa ndi mashifiti kuti ntchito isaime. Pamapeto munthu amayesedwa pochita ndi manja, osati polemba pokha.

Aliyense amapindulapo. Kampani imachepetsa katundu wowonongeka ndipo imakwanitsa miyezo imene a Malawi Bureau of Standards amafuna. Koleji imaona makina amene ali m'mafakitale lero, n'kusintha zimene ikuphunzitsa ana athu. Wantchito amapeza luso limene angapite nalo kwina kulikonse.

Si nzeru ya kuno kokha. Ku Germany wachinyamata wophunzira ntchito amatha masiku atatu kapena anayi pa sabata ali ku kampani, masiku otsalawo ali m'kalasi, ndipo amalandira kangachepe uku akuphunzira. Ku America makoleji a m'madera amapangana ndi mafakitale oyandikana nawo kuti aziphunzitsa antchito zimene fakitaleyo ikufuna. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri ali, makampani amaperekanso msonkho wa maphunziro wa 1 peresenti. Ndipo funsani aliyense amene anapita ku Joni: wowotcherera zitsulo amene ali ndi pepala ndi amene alibe salandira mofanana.

Makoleji ali pakhomo pathu

Ife a ku Blantyre tilibe chonamizira, pakuti sukulu zili pafupi. Pa Chichiri pomwe, m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere, pali Poly imene inayamba mu 1965 ndipo kuyambira 2021 ndi yunivesite yoima payokha yotchedwa MUBAS. Ndi kumene kwachokera mainjiniya ambiri amene akuyendetsa mafakitale athu. Chakufupi ndi Limbe kuli Soche Technical College, imodzi mwa makoleji akuluakulu 7 a ntchito zamanja. Ena ndi Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia.

Mu 2015 Pulezidenti Peter Mutharika anakhazikitsa makoleji a m'madera pa mwambo umene unachitikira ku Ngara m'boma la Karonga, ndi cholinga choti boma lililonse likhale ndi koleji yakeyake. Oyandikira kuno ndi monga Aida Chilembwe ku Chiradzulu ndi Milonga ku Thyolo. M'makoleji amenewa achinyamata amaphunzira zomangamanga, ukalipentala, kuwotcherera zitsulo, kusoka ndi zina, osapita kutali ndi kwawo.

Mu 2021 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomera kupereka madola 100 miliyoni a ku America ku ndondomeko ya SAVE, yotukula maphunziro a luso m'makoleji ndi m'mayunivesite athu. M'chaka chomwecho boma linakhazikitsa masomphenya a Malawi 2063, ndipo imodzi mwa nsanamira zake zitatu ndi kutukula mafakitale.

Sindikunena kuti zonse zili bwino. Malo m'makoleji ndi ochepa poyerekeza ndi achinyamata amene amawafuna. Mawekishopu ena ali ndi zipangizo zakale kuposa zimene zili ku fakitale. Mabwana ena amaopa kuti akaphunzitsa munthu athawira kwa opikisana nawo. Koma zovuta zimenezi si chifukwa chokhalira pansi manja ali m'thumba. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Zimene namwino amaona

Ndilankhuleko ngati munthu amene anatha zaka zambiri m'mawodi. Anthu akamva za maphunziro a ku ntchito amangoganiza za kukwezedwa. Ife anamwino timaganiza za zala. Ovulala ku makina amene tinkawalandira ambiri anali a mitundu iwiri: wachilendo amene sanauzidwe kalikonse, ndi katswiri wa zaka zambiri amene anazolowera mpaka kuyamba kudula njira.

Nkhani yake inkafanana. Makina atsamwa, munthu walowetsa dzanja kuti achotse chimene chatsekereza asanazimitse magetsi, mnzake osadziwa wadina batani. Kapena chotchingira lamba chinachotsedwa kuti ntchito izifulumira. Kapena magetsi anazima, anthu n'kuyamba kupukuta makina, ndiye abwera mwadzidzidzi. Kosi yabwino imaphunzitsa chinthu chosavuta: zimitsa pa swichi yaikulu, khoma loko, kiyi ika m'thumba lako, kenaka gwira makina.

Pali matenda enanso amene sachita phokoso. Phokoso lofika ma decibel 85 kwa maola 8 tsiku ndi tsiku limagonthetsa makutu pang'onopang'ono, ndipo kumva kukapita sikubwerera. Chizindikiro chake n'chosavuta: ngati mumachita kukuwa kuti mnzanu amene ali pafupi nanu amve, phokosolo lapyola. Inu amayi, mukaona bambo akukweza kwambiri wailesi kapena akungoti "wati chani?" musathamangire kunena kuti ndi mwano. Apite akayezetse makutu. Fumbi la thonje, la simenti ndi la ufa limawononga mapapo. Kuwala kwa moto wowotcherera kumapsereza maso, munthu n'kudzuka pakati pa usiku maso akuwawa ngati mwalowa mchenga. Zoteteza m'makutu, pamphuno ndi m'maso zimagwira ntchito pokhapokha munthu ataphunzitsidwa chifukwa chake ndi kavalidwe kake.

Ngozi ikachitika, chala chikaduka, panikizani bala ndi nsalu yoyera ndipo mukweze dzanjalo m'mwamba. Chidutswacho muchikulunge m'kansalu koyera konyowa pang'ono, muike m'pepala la pulasitiki lomanga bwino, ndipo pepalalo muliike m'madzi ozizira a ayezi. Chisakhudzane ndi ayezi mwachindunji. Thamangirani nazo ku chipatala. Pa bala lamoto thirani madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20. Musapake mafuta ophikira, mankhwala otsukira mano kapena dzira.

Dziko lathu lili ndi lamulo la chitetezo ndi umoyo wa pa ntchito la 1997, komanso lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito la 2000. Mukavulala, ngakhale pang'ono, nenani kwa akuluakulu tsiku lomwelo kuti zilembedwe, ndipo musunge mapepala onse a kuchipatala. Komabe palibe chipukuta misozi chimene chinamezanitsa dzanja. Maphunziro ndi otchipa kuposa bala.

Mufunse motani?

Choyamba, musapite kwa bwana ndi dandaulo lokha. Pitani ndi vuto la kampani limene maphunziro angathetse. Kunena kuti "Bwana, ndatopa ndi malo amodzimodzi" kumatseka khomo. Koma mukati, "Bwana, makina athu omatira mapaketi aima kanayi mwezi uno, ndipo nthawi zonse timadikira munthu wochokera kunja. Tikanaphunzitsidwa atatu a m'shifiti mwathu bwenzi tikukonza tokha," bwana amatchera khutu chifukwa mwalankhula chinenero cha ndalama.

Chachiwiri, pitani angapo. Kosi yokonzera kampani imafuna gulu, ndipo mutu umodzi susenza denga. Ngati pa ntchito panu pali bungwe la ogwira ntchito, nkhaniyi ilowe pa mndandanda wa zokambirana, pambali pa malipiro ndi maovataimu. Lembani kalata yaifupi ku ofesi yoona za antchito, musunge kope lake. Mufunse mwaulemu ngati kampani inayamba yapemphapo thandizo la maphunziro ku TEVETA. Ofesi ya bungweli ya chigawo cha kummwera ili mumzinda momwe muno, ndipo inunso mukhoza kupita kukafunsa.

Chachitatu, funsani za pepala musanayambe. Pali satifiketi yongosonyeza kuti munalipo, ndipo pali satifiketi yosonyeza kuti munayesedwa n'kukhoza. Zonse ndi zabwino, koma yachiwiriyi ndi imene kampani ina ingaiwerengere. Kwa zaka zambiri amisiri athu ankadziwika ndi Trade Test ya Giredi 3, 2 ndi 1, ena ndi Malawi Craft, ndipo satifiketi ya TEVET imakwera ndi malevulo. Funsani kuti kosi yanuyo ikukuikani pa sitepe iti. Funsaninso ngati sukuluyo ndi yolembetsedwa ku TEVETA, chifukwa mumzinda muno muli timasukulu ta m'zipinda za pamwamba pa mashopu timene timadya ndalama za anthu n'kuwapatsa mapepala opanda ntchito.

Chachinayi, inu amene mwagwira ntchito zaka zambiri popanda pepala, funsani za njira yoyesa luso limene munthu ali nalo kale, imene amaitcha RPL. M'malo moyambira pansi ngati mwana wongochoka ku Fomu 4, amakuyesani pa zimene mukudziwa, n'kukuuzani pamene pakuperewera. Yambani lero kusunga umboni: makalata a ku ntchito, zithunzi za zimene mwapanga, mayina a makina amene mwagwiritsapo ntchito. Ndipo dziwani kuti lamulo la ntchito la 2000 limakupatsani ufulu wopempha kalata yosonyeza nthawi imene mwagwira ndi mtundu wa ntchito yanu pamene mukuchoka pa kampani. Musachoke chimanjamanja.

Chachisanu, kampani ikakulipirirani maphunziro odula ikhoza kukusainitsani pangano loti mugwirebe kwa nthawi yakutiyakuti, apo ayi mubweze ndalama. Zimenezi si zachilendo. Koma tengani pepalalo mukaliwerenge kunyumba mofatsa. Zaka zingati? Ndalama zingati? Nanga akakuchotsani ndi iwowo, mudzabwezabe? Musasaine chinthu muli chiimire.

Nkhani ya m'nyumba

Tsopano tibwere pa zimene zimandifikitsira makalata. Maphunziro a munthu wapabanja amaphunzira ndi anthu awiri, ngakhale m'kalasi mumalowa mmodzi. Kampani ikapanda kulipira zonse, pamafunika fizi, thiransipoti ya minibasi kuchokera ku Ndirande, Bangwe kapena Chilomoni, nthawi zina ovolosi ndi zipangizo. Maovataimu amene ankathandiza kugula ndiwo amachepa. Loweruka limene munkapita limodzi ku msika wa Limbe limapita ku kalasi. Munthu amabwera usiku atatopa, osafuna kulankhula.

Zimenezi mukapanda kukambirana poyamba, zimabala nsanje ndi kukayikirana. Khalani pansi ana atagona. Lembani pa pepala kuti kosi itenga miyezi ingati, idya ndalama zingati, ndipo mudula chiyani kuti zikwane. Ngati muli mu banki m'khonde kapena m'chipereganyu, konzani kuti ndalama yanu idzatuluke mwezi wa fizi. Katapila musamuyandikire. Auzeni achibale a kumudzi mosabisa kuti kwa miyezi imeneyi thandizo lichepa, ndipo muwauze nonse awiri, kuti mlandu usagwere mlamu wawo.

Inu amayi, bambo akamawerenga usiku musawaseke kuti "sukulu ya ukalamba." Mwamuna amene wabwerera m'kalasi ali ndi zaka 35 walimba mtima kale, ndipo mawu amodzi onyoza akhoza kumubweza. Wogwira shifiti ya usiku amafunikabe tulo ta maola 7 kapena 8, ndiye masana ana asamasewerere pa zenera la kuchipinda. Munthu wosagona ndi amene amalowetsa dzanja m'makina.

Inu abambo, mawu anga kwa inu ndi olemererapo. M'mafakitale ambiri amayi ndi amene amakhala pa mzere wopakira, wosankha ndi wosoka, ndipo ntchito zimenezi ndi zimene makina atsopano amayamba kulanda. Mkazi wanu akasankhidwa kuti akaphunzire zamagetsi kapena kuyendetsa makina, musayambe ndi funso loti "m'kalasimo muli amuna angati?" Yambani ndi loti "ana ndiwatenga ndine ku sukulu, iwe uweruka nthawi yanji?" Kuphika nsima masiku awiri pa sabata sikunachotsepo munthu ubambo. Ndaona mabanja ambiri amene bambo atadwala kapena kumwalira, ana anapitiriza sukulu chifukwa mayi anali ndi luso lake.

Amayi oyembekezera, musabise mimba poopa kuti akuchotsani pa mndandanda wa maphunziro. Lamulo limakupatsani tchuthi cha uchembere cha masabata 8 cholipidwa, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha mimba n'kulakwira lamulo. Nenani msanga kuti akuchotseni pafupi ndi mankhwala oopsa ndi katundu wolemera, ndipo mupemphe kuti malo anu a kosi akusungireni.

Ndipo pepala likabwera, malipiro akakwera, mukumbukire amene anagona ndi nsima ya masamba kuti inu muphunzire. Makalata a "atangokwezedwa anandisiya" ndatopa nawo.

Kwa inu makolo

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali osakwana zaka 18. Maofesi a mataye sangakwane ana onsewa. Komabe makolo ambiri tikamva za koleji ya ntchito zamanja timaona ngati ndi kotayira ana olephera. Mwana akati akufuna zowotcherera timati, "Ndakulipirira fizi zaka zonsezi kuti uzikavala ovolosi?" Tikatero timamukakamiza kosi imene saikonda, n'kumaliza ndi dipuloma yokhala m'sutikesi.

Taganizani za amene anakonza makina a mpweya tsiku limene m'bale wanu anagonekedwa ku Queens. Taganizani za amene anagwira ntchito yokonzanso ku Kapichira namondwe Ana atawononga mu January 2022, mzinda uno uli mumdima. Pambali pa mainjiniya panali amisiri ovala ovolosi.

Mwana wanu akamaliza MSCE, muziyang'ana m'nyuzipepala ndi kumvera wailesi nthawi imene TEVETA ikuitana achinyamata ofuna kuphunzira ntchito. Amene asankhidwa amasinthanitsa nthawi ya m'kalasi ndi nthawi ya ku kampani, ndipo pa atachimenti pamenepo ndi pamene mabwana amaonera amene adzamulembe. Muuzeni mwana kuti kufika nthawi yabwino, kusamala zipangizo ndi kulemekeza amisiri akale ndi mbali ya mayeso. Masamu, sayansi ndi Chingerezi asazitaye poganiza kuti ntchito yamanja sizifuna, pakuti mabuku a makina amalembedwa m'Chingerezi ndipo muyezo uliwonse ndi samu. Atsikana nawonso alembere. Mota sifunsa kuti waikulunga ndi mwamuna kapena mkazi.

Chionetsero cha zamalonda chikamachitika pa Trade Fair pa Chichiri, mutengeni mwanayo mukazungulire naye. Aone zimene zimapangidwa m'dziko muno, afunse amene aima pa matebulo kuti anaphunzira kuti. M'mera mpoyamba.

Poyambira pake

Musadikire kuti mumve mphekesera zoti kukubwera makina atsopano. Sabata ino chitani zinthu zitatu. Tulutsani mapepala anu onse muone chimene muli nacho ndi chimene chikusowa. Kambiranani ndi akunyumba kwanu za miyezi ndi ndalama zimene mungakwanitse. Kenaka mupeze anzanu awiri kapena atatu a m'shifiti mwanu, mulembe kalata ija.

Mwina bwana akana ulendo woyamba. Mufunsenso pakapita miyezi itatu, uku mukufufuza kosi ya madzulo kapena ya Loweruka imene mungadzilipirire pang'onopang'ono. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Amene mwayesapo njira imeneyi, kaya zinayenda kaya zinakanika, tilembereni kuti anzanu aphunzirepo. Mulungu akusungeni, ndipo zala zanu zonse 10 zibwerere kunyumba madzulo aliwonse.